Dzina Limodzi pa Ntchito ya Awiri

Abwana a pakampani imene ndinkafunako malo anatembenuza sikirini kuti iyang'ane kwa ine, n'kuyamba kutsitsa kaundula ndi chala chimodzi, mosafulumira. Kaundulayo amalembedwa ndi pulogalamu imene timasungiramo ntchito: mzere uliwonse umanena tsiku, ola, chimene chasinthidwa, ndi dzina la amene wasintha. Mizere inali yopitirira mazana awiri. Dzina linali limodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Linali langa.

"Pachikuto mwalemba kuti ntchitoyi munagwira awiri," anatero.

"Tinali awiri, bwana."

"Eya, magulu a kukoleji ndimawadziwa, nanenso ndinadutsa momwemo." Anakweza magalasi n'kuwasiya pamutu. "Wina amalima, wina amangobwera ndi mbale."

Anaseka. Mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, amene anakhala pambali pawo ndi fayilo, anasekanso. Ndiye ine ndinaseka nawo.

Sikunali kuseka kwakukulu. Kanali kampweya chabe kotuluka m'mphuno, mano osaoneka n'komwe. Koma patha zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndikagwada kuti ndipemphere, kaphokoso kameneko n'kamene kamayamba kufika m'makutu mwanga, mawu a pemphero asanabwere.

Kunja kwa chitseko, pabenchi ya m'khonde, panali a Nakope, mnzanga amene tinagwira naye ntchitoyo. Anali atanyamula chikwama changa pamiyendo kuti chisade pansi. Otsatira kulowa anali iwowo.

Tinali m'chaka chachitatu cha maphunziro a zamakompyuta. Kuti munthu alowe chaka chomaliza ankayenera kupeza atachimenti, miyezi itatu yophunzira ntchito pakampani, ndipo fomu yosainidwa ndi kampaniyo inkayenera kufika kukoleji pofika Lachisanu lomaliza la mwezi umenewo. Wosapeza ankakhala pakhomo chaka chathunthu kudikira a m'mbuyo. M'kalasi tinalimo makumi anayi, tonse tikugogoda zitseko zomwezomwezo. Ine ndinali nditalemba makalata khumi ndi asanu ndi awiri. Anandiyankha awiri okha, onse ndi nyimbo imodzi: tidzakuimbirani. Kampani iyi yokha ndi imene inapempha kuona ntchito yathu ya m'kalasi, ndipo itaiona inatiitana tonse awiri. Koma malo anali amodzi.

A Nakope ankandiposa ndi zaka khumi. Anali kalaliki pasukulu ina ya sekondale, ndipo kumeneko anawapatsa tchuthi chokaphunzira. Kunyumba anali ndi mwana wamkazi amene ankamulera okha. Laputopu analibe. Makompyuta a mu labu theka anali akufa, otsalawo ankalandidwa ndi anyamata othamanga kuposa ife. Choncho iwo ankalemba mapulogalamu awo m'kope, ndi pensulo, kadontho kalikonse ndi kamzere kalikonse pamalo pake, ngati kuti pepalalo likana ntchito akalakwitsa. Anyamata a kumbuyo ndi amene anawapatsa dzina lija la Nakope. Iwo sanadandaule.

"Bola kope silifuna chaja," ankatero.

Laputopu yanga inali yakale, yochokera kwa amalume, ndipo ikagwira ntchito ola limodzi inkatentha ngati simbi. Tsiku loyamba kugwirira limodzi a Nakope anaikhudza pansi. Mawa lake anabwera ndi zitsekerero zinayi za mabotolo, n'kuziika pansi pa ngodya zake kuti mphepo izidutsa. Kuyambira pamenepo sinazimenso yokha.

Tinkakumana masana m'kalasi yopanda anthu, kumapeto kwa khonde. Ine ndikapita kukafuna tiyi, iwo ankakhala pamakinawo n'kumalowetsa zimene analemba m'kope. Akamaliza ankatulutsa mpango n'kupukuta kiyibodi, batani ndi batani.

"Asisi, musamavutike, si yatsopano."

"Chobwereka sabweza chili ndi thukuta," ankandiyankha choncho, osaleka kupukuta.

Ntchito yathu inali pulogalamu yokonza ndandanda ya mayeso, kuti pasapezeke wophunzira amene akuyenera kulemba mayeso awiri pa ola limodzi. Ine ndinkaona ngati masamu ovuta. Iwo anali atachita zimenezi ndi manja kwa zaka zambiri, atagwada pansi mu ofesi ya sukulu, akusuntha timakhadi.

"Uziyamba ndi phunziro lokangana ndi anzake ambiri," anandiuza. "Likhazike kaye limenelo. Ofatsawo apeza okha pokhala."

Mtima wonse wa pulogalamuyo unachokera pa mawu amenewo, ndipo analemba ndi iwo. Ine ndinakonza mabatani, mitundu, ndi tsamba losindikiza. Sindikunena kuti sindinagwire ntchito. Koma yanga inali penti ndi chitseko. Nyumba anamanga ndi iwo.

Sabata yoyamba aphunzitsi anali atatichenjeza kuti aliyense alembetse dzina lake pamakina amene akugwiritsa ntchito, chifukwa kaundula saona nkhope, amangolemba dzina limene walipeza. Kulembetsako sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Ine ndinati tichita mawa. A Nakope anati dzina n'chiyani, bola ntchito ithe. Pakati pa teremu ndinatsegula kaundula uja ndikufuna china, ndipo ndinaona dzina langa litandandalika lokhalokha. Ndinaliyang'ana kanthawi. Kenako ndinatseka, n'kudziuza kuti aphunzitsi amatidziwa tonse.

Aphunzitsi ankatidziwadi. Abwana aja sankatidziwa.

Kuseka kutatha, anatsegula mbali ya mkati ya pulogalamu. M'mapulogalamu munthu amatha kusiya timawu tapambali, timene kompyuta siwerenga, tongothandiza munthu mnzake. Iwo anawerenga kamodzi mokweza.

"'Apa usafulumire kukonza. Zikuoneka ngati zolakwika koma ndi dala, obwereza mayeso amawerengedwa kawiri.'" Anatsitsa pang'ono. "Tamvani aka. 'Ukafika pano wagwira ntchito yokwanira, kamwe madzi.'"

Anamwetulira, n'kugwedeza mutu.

"Anthu anga kuno salemba chonchi, ngakhale ndiwagwadire. Munthu amene amalemba akuganizira yemwe adzabwere pambuyo pake, ameneyo ndi amene ndikumufuna."

Timawu timeneto a Nakope ankalembera ine. Ankadziwa kuti ndikakhala pakompyuta ndimaiwala kumwa madzi mpaka mutu kuwawa.

Ndinatsegula pakamwa. Ndikukhulupirira kuti ndinatsegula. Koma mawu asanatuluke, abwanawo anatenga botolo n'kundithirira madzi m'kapu, n'kuikankhira kwa ine mofatsa.

"Musaope, mukuchita bwino. Tandiuzani, n'chifukwa chiyani pulogalamuyi imayamba ndi phunziro ili?"

Ndinamwa madziwo. Kenako ndinati, "Timayamba ndi lokangana ndi anzake ambiri, bwana. Ofatsawo amapeza okha pokhala."

Mayi wa fayilo uja analemba kanthu.

Nditatuluka, a Nakope anaimirira n'kundipatsa chikwama.

"Zayenda?"

"Kaya."

"Zayenda, nkhope ikunena." Anawongola siketi yawo. Kope lija anali atalisiya kunyumba. M'mawa nditawafunsa anati sangalowe mu ofesi ya magalasi okhaokha ndi kope long'ambika chikuto, anthu angamuone ngati wogulitsa malonda.

Ine ndinakhala mkati muja theka la ola. Iwo sanakwanitse mphindi khumi. M'basi pobwerera anandisiyira mpando wa pazenera, podziwa kuti ndimachita nseru. Ulendo wonse analankhula kamodzi kokha.

"Tiyi wa mu ofesi muja amanunkhira bwino," anatero, maso ali kutsogolo.

Uthenga woti malowo andipatsa ine unafika pafoni Lachinayi masana. Amayi anauwerenga katatu, kenako anapita nawo kwa oyandikana nawo nyumba, foni yangayo ili m'manja. Bambo ndi telala. Anangotsegula kabati n'kutulutsa jekete la amayi lakale, n'kuyamba kulisula m'mapewa.

Kwathu timapemphera m'mawa, titaimirira kukhitchini, aliyense asanatuluke. Lachisanu limenelo bambo anati ndipemphere ine.

"Atate wathu," ndinayamba, "tikuthokozani chifukwa mwatsegula khomo."

Pamenepo mawu anandithera. Miyezi iwiri ndinali nditapempha khomo limeneli tsiku ndi tsiku, ndipo tsopano sindinkadziwa ngati analitsegula ndi Mulungu kapena ndinalikankha ndekha mnzanga ataima kumbuyo kwake. Ketulo inayamba kulira pamoto. Amayi anaganiza kuti ndagwidwa ndi chimwemwe, anandisisita pamsana. Bambo anadikira pang'ono, kenako ananena okha ameni.

Pambuyo pake anandiimika pafupi ndi makina awo osokera kuti andiyese jekete lija. Mapini anali pakamwa, choncho mawu ankatulukira pambali.

"Nanga mnzako uja wa zitsekerero, wapeza kuti?"

Ankawakumbukira chifukwa tsiku lina a Nakope atabwera kunyumba anawapeza akulimbana ndi singano, n'kuwalowetsera ulusi osadikira kupemphedwa.

"Akufunabe."

"Si munapita limodzi?"

"Malo anali amodzi, bambo."

"Mmm." Anachotsa pini imodzi pakamwa n'kuibaya pansalu. Anabwerera m'mbuyo, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu. "Taimirira bwino. Phewa limodzi lagwa."

Masana a tsiku lomwelo ndinawapeza a Nakope m'kalasi yathu ija, akulemba kalata ina yofunsira malo. Atandiona anaimirira n'kundigwira manja onse awiri.

"Ndamva. Mulungu ndi wabwino, mng'ono wanga."

Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa kope lija.

"Tenga."

"Asisi, ili ndi lanu."

"Ndikudziwa kuti ndi langa. Koma akakakuuza kuti uwonjezere kanthu pamtima pa pulogalamu paja, udzayambira pati? Masamba amene ndapinda ndi ofunika. Usakachite manyazi pamaso pa anthu."

Ndinalilandira ndi manja awiri. Linali lofunda, ngati lakhala padzuwa.

"Anakufunsani chiyani mkati muja?" Sindikudziwa chimene ndinafunsira. Mwina ndinkafuna andikalipire.

"Anandionetsa kaundula. Akuti inu munalemba ziti? Ndinati mbali ya mkati. Anayang'anana ndi mayi uja. Akuti nanga dzina lanu lili pati? Ndinati tinkagwiritsa makina amodzi, mnzangayo ayenera kuti wakuuzani." Anaima pamenepo, n'kundiyang'ana. Sanandiyang'ane mwaukali. Anangondiyang'ana ngati munthu amene wakugwirira chitseko kuti udutse. "Ndiye anangoti zikomo pobwera."

Panja wina ankakoka mpando pasimenti. Ndinamva phokosolo mpaka linatha.

"Mwina sanamvetse," ndinatero.

"Mwina," anatero a Nakope. "Anthu otanganidwa aja." Anakhala pansi n'kupitiriza kalata yawo.

Ndinayamba ntchito Lolemba, nditavala jekete la amayi. Anandipatsa desiki pafupi ndi zenera ndi kompyuta yosatentha. Anthu a mu ofesimo anali abwino, ndipo ubwino wawo ndi umene unkandilasa. Mayi wosesa anandisankhira kapu yanga n'kuimanga kaulusi kofiira pachogwirira kuti isasokonekere. Mnyamata wa desiki yoyandikana anandionetsa njira yachidule yopita pokwerera basi. Abwana anali atafotokozera onse za timawu tija, choncho pofika Lachitatu dzina langa linali litasintha.

"A Kamwemadzi, mwadzuka bwanji?"

"A Kamwemadzi, tabwerani muone izi."

Ndinkayankha. Dzina lililonse limene amandiitana ndinkayankha.

M'mawa uliwonse m'basi ndinkakonza mawu. Bwana, pali chimene sindinanene. Ndinkafika nawo mpaka pachitseko chawo, n'kupeza ali pafoni, kapena akuseka ndi munthu, kapena ali okha koma nkhope ili yotopa, ndiye ndinkati mawa. Tsiku lotseka mafomu ndinkalidziwa bwino. Linali pakalendala ya padesiki panga, ndipo ndinali nditaika kapu patsogolo pake.

Sabata yachiwiri abwana anandipatsa ntchito yeniyeni: kusintha pulogalamu ija kuti izikonza ndandanda ya amisiri awo opita kukakonza makina kwa makasitomala. Ndinagwira ntchitoyo kope lili pamiyendo, pansi pa desiki. Masamba opindidwa aja anali ndi zonse. Pena a Nakope anali atawonjezera mawu atsopano ndi pensulo yakuthwa, osonyeza pamene munthu angasinthe popanda kugwetsa zina. Anali atawalemba intavyu itadutsa kale, chifukwa tsiku linali pamwamba. Pulogalamu inayenda. Pamsonkhano wa Lachisanu abwana anauza anthu kuti andiombere m'manja.

Lachisanu lotsatira linali lomaliza la mwezi. Linafika, linadutsa. Loweruka mtsogoleri wa kalasi yathu anatumiza pafoni mayina a amene sanapeze malo. Anali asanu. La a Nakope linali lachitatu.

Lolemba m'mawa ndinagogoda pachitseko cha abwana, kope lili m'manja. Ndikanakonda kunena kuti chinandikankha ndi kulimba mtima. Koma ndinapenda nkhaniyi kambirimbiri pamaso pa Mulungu, ndipo yankho silisintha: ndinadikira mpaka choonadi chitatsika mtengo.

Ndinanena zonse nditaimirira. Sizinatenge nthawi. Iwo anatsitsa magalasi kuchoka pamutu, n'kutsegula kopelo. Anatsegulanso kaundula pakompyuta, n'kumayerekeza masiku. Tsamba lililonse la m'kope linali patsogolo ndi tsiku limodzi. Anafika pamene panalembedwa za kumwa madzi, m'zilembo zopendekera zimene sizinali zanga, ndipo anakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Mafomu a kukoleji atseka liti?"

"Lachisanu, bwana."

"Lapitali?"

"Inde."

"Ndipo inu mwabwera Lolemba."

Ndinayang'ana padesiki pawo. Botolo la madzi linali pamalo pake pomwe paja. Abwana sanalikhudze.

Anatenga foni n'kuimbira kukoleji ine ndili pomwepo. Analankhula mwaulemu, kenako mochonderera, kenako anangomvetsera. Ataika foni pansi anapukusa mutu.

"Akuti mayina apita kale kwa akuluakulu. Chaka chino zatha." Anapuma mozama. "Nanenso ndili ndi mbali yanga. Mayi ameneyu ndinamufunsa mafunso awiri okha. Ndinali nditaweruza kale asanakhale pansi."

"Mukhoza kundichotsa, bwana."

"Ndikuchotseni kuti zimuthandize chiyani? Kuti okhala pakhomo akhale asanu ndi mmodzi?" Anatenga kakhadi kawo n'kulemba kumbuyo kwake. "Chaka chamawa malo ndi ake, akawafuna. Mukam'patse nokha, m'manja. Osati pafoni. Ndi kope lakelo mum'bwezere."

Ndili pachitseko anandiitana ndi dzina langa lenileni, limene anali asanalitchule chiyambire.

"Bwererani kuntchito," anatero.

Palibe amene anauzidwa kanthu mu ofesimo, koma dzina la madzi lija linazilala lokha, chifukwa mwini kuliyambitsa anali atalisiya.

Ndinapempha kuchoka msanga Lachitatu. A Nakope anali atabwerera kuntchito yawo yakale, poti tchuthi chokaphunzira sachipereka kwa munthu wongokhala. Sukuluyo inali kumapeto kwa msewu wa basi. Mlonda wa pageti anandilozera ofesi, kachipinda ka zenera limodzi, kodzaza makabati achitsulo. Ndinawapeza atavula nsapato, atagwada pansi, timakhadi titayalidwa pasimenti kuyambira kukhomo mpaka kukhoma. Mayeso a pasukulupo anali pafupi.

"Samala, usaponde masamu," anatero osadzutsa mutu. Kenako anaona kuti ndine. "Iwe, sukuyenera kukhala kuntchito?"

Ndinadutsa m'mbalimbali n'kukhala pansi pafupi nawo, jekete la amayi lili pathupi. Ndinatulutsa kope n'kuliika pakati pathu.

"Asisi, tsiku lija sindinawauze. Anati wina amalima, wina amabwera ndi mbale. Anaseka. Ine ndinaseka nawo."

Anasuntha khadi limodzi, n'kulibwezanso pomwe linali.

"Ndinamva," anatero. "Chitseko chija n'chopyapyala."

Ndinakumbukira chikwama changa pamiyendo pawo, mpando wa pazenera, masamba opindidwa aja.

"Ndiye munandipatsiranji kope?"

"Ndikanalitani? Ndilikazinge?" Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunafike m'maso. "Ntchito ija ndi yanga. Sindinafune ikagwe m'manja mwako anthu n'kumati inali yosalimba. Komanso ndinkati mwina ukamaliona tsiku ndi tsiku, pakamwa padzatseguka. Ndinkayang'ana foni mpaka Lachisanu madzulo. Mwana wanga anafika pondifunsa kuti amayi, mukudikira ndani?"

Misozi inayamba kutsika. Ndinayesa kunena kuti pepani, mawu anatuluka oduka.

"Ayi, usalire pano," anatero. "Ukalira ndiyamba kukutonthoza, ndipo lero mphamvu imeneyo ndilibe."

Ndinapukuta m'maso. Ndinawapatsa kakhadi ka abwana. Anawerenga kutsogolo ndi kumbuyo, n'kukalowetsa pakati pa kope, osanena ngati adzapita. Belu linalira panja, ana anadutsa pazenera akuthamanga.

Ndinatulutsa laputopu m'chikwama.

"Kuofesi andipatsa ina. Iyi ikhale kuno, muzikonzera ndandandayi. Maondo angakupwetekeni."

"Chaka sachigula ndi laputopu, mng'ono wanga."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa?"

"Ndikudziwa, asisi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana timakhadi tawo, ndi dzuwa limene linali litayamba kupendeka pazenera.

"Aphunzitsi aakulu akuifuna mawa m'mawa," anatero, ngati akulankhula ndi makabati. "Taiyatsa tione."

Ndinaiika pampando. Zitsekerero zinayi zija zinali m'thumba la jekete, ndinaziika pansi pa ngodya zake. Itayaka ndinatsegula pamalo polembetsa dzina, ndinafufuta langa, n'kutembenuzira makinawo kwa iwo. Kamzere kankaphethira m'bokosi lopanda kanthu.

Anasendera chogwada. Analemba dzina lawo lonse, la makolo ndi lawo, mosathamanga, n'kuliwerenganso kuti aone ngati palibe chilembo chosowa. Anadina batani. Sizinakwane mphindi imodzi.

Kenako anapisa m'thumba, anatulutsa mpango uja, n'kuyamba kupukuta mabatani amene anawakhudza, limodzilimodzi.